Mpeni wa dotolo sufika kukhitchini

Kwathu munthu akanenepa timamuyamikira. Mayi akabwera kuchokera kutauni thupi litadzaza chitenje, akuchikazi amamwetulira, amati mwana wathu akusungidwa bwino. Bambo wa mimba timamutcha bwana tisanadziwe n'komwe ntchito imene amagwira. Ndipo kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatilanda abale mudzi ndi mudzi, kuonda kunasanduka chinthu choopsa: munthu akatsika thupi mwadzidzidzi anthu samufunsa, amangonong'onezana. Maganizo amenewa tinapita nawo ku Harare, ku Johannesburg ndi ku Mangalande komwe, ndipo ndi amene achemwali anga anayamba kulimbana nawo dotolo atawauza kuti chimene chingawathandize tsopano ndi opaleshoni yochepetsa chifu.

Achemwali amakhala ku Manchester, kumene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinali gadiyani wawo, monga timanenera kuzipatala za kwathu, ngakhale kuti kuno gadiyani sagona pansi pa bedi kapena kuphikira wodwala kuseri kwa wodi. Ntchito yake imakhala kunyumba, ndipo imayamba miyezi yambiri tsiku la opaleshoni lisanafike.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo, chifukwa ndamva anthu akunena kuti opaleshoni yotereyi ndi ya aulesi ofuna njira yachidule. Munthu wotembenuza nkhalamba pabedi usiku wonse, m'mawa n'kudzakonzekeretsa ana kusukulu, ulesiwo angaupeze kuti? Achemwali anayesa kusala, anayesa matiyi ogulitsidwa pa WhatsApp, anayesa kusiya nsima. Thupi linkatsika, kenako n'kubwerera moposa kale. Madotolo amadziwa chifukwa chake. Munthu akaonda podzimana chakudya, thupi limayesa kwagwa njala m'dziko: limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mosinira, ndipo chilakolako cha chakudya chimakula kuposa poyamba. Mtima ungalimbe bwanji, kulimbana ndi njala yotere kwa zaka n'kovuta, ndipo ambiri amagonja. Pamene achemwali ankatsika ndi kukwera chonchi, shuga anali atawalowa, BP inali yokwera, mawondo ankawaliritsa pa masitepe, ndipo usiku ankabanika kutulo, mpweya n'kumaima kambirimbiri, mpaka anapatsidwa makina a CPAP ogona atavala kumaso.

Si aliyense wonenepa amene amaloledwa opaleshoniyi. Madotolo amayang'ana BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Mu 1991 akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi National Institutes of Health ku America anaika malire pa BMI ya 40, kapena 35 ngati pali matenda ena monga shuga. Malirewa anatsatidwa zaka zoposa 30, mpaka mu 2022 pamene mabungwe a madotolo a opaleshonizi anawatsitsa kufika pa 35, ndi pa 30 kwa odwala shuga ndi matenda ofanana nawo. Kuno ku Britain, bungwe la NICE lolangiza zipatala za NHS linanena mu 2023 kuti kwa anthu akuda ndi anthu ochokera ku Asia malirewa atsike ndi 2.5, popeza ife shuga amatigwira tisanafike pa kunenepa kumene amagwirira azungu. Nkhani imeneyi Amalawi ambiri a kuno saidziwa, ndipo n'zachisoni, chifukwa ikutikhudza ife tomwe.

Opaleshoni zofala ndi ziwiri. Mu sleeve gastrectomy, imene achemwali anachitidwa, dotolo amachotsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a chifu, n'kusiya kachifu kopyapyala kooneka ngati nthochi. Chochotsedwacho sichibwereranso. Mbali yochotsedwayo ndi imenenso imapanga ghrelin wambiri, homoni yodzutsa njala, n'chifukwa chake ambiri miyezi yoyamba samva njala n'komwe. Mu gastric bypass, imene Edward Mason anaiyambitsa ku yunivesite ya Iowa m'zaka za m'ma 1960, amapanga kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero chakudya chimalambalala chifu chotsalacho. Zoti zimathandiza si nkhambakamwa. Ku Sweden, kafukufuku wa Swedish Obese Subjects, amene anayamba mu 1987, anatsatira anthu oposa 4,000 kwa zaka zambiri, ndipo mu 2007 anaonetsa kuti imfa zinali zocheperapo pakati pa amene anachitidwa opaleshoni.

Koma dotolo wa mpeniyo achemwali anakumana naye mochedwa. Amene anayamba kuwaona anali katswiri wa kadyedwe ndi katswiri wa za maganizo, ndipo kwa ine apa ndi pamene panagona ntchito yeniyeni. Anauzidwa kuti azilemba m'kabuku chilichonse cholowa mkamwa, nthawi yake, ndi mmene mtima ukumvera pa nthawiyo. Kabukuko kanaulula zimene tonse m'nyumbamo tinkaona koma sitinkazitchula. Chakudya chambiri sichinkadyedwa masana ndi njala. Chinkadyedwa 3 koloko ya usiku kuntchito, tiyi wa shuga wambiri ndi buledi, pofuna kuthamangitsa tulo. Chinkadyedwa pambuyo pa foni yochokera kumudzi yonena za maliro amene sakanatha kupitako, kapena za fizi ya mwana wa mlongo wathu. Munthu ali kutali ndi kwawo, nsima yotentha ndi nyemba imakhala chinthu chokhacho chimene sichimufunsa mapepala kapena kumuseka kalankhulidwe. Tsiku lina achemwali anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, akandidula chifuchi, usiku ndikasowa mtendere ndizidzagwira chiyani?" Funso limeneli munthu ayenera kuliyankha asanagone patebulo la opaleshoni. Akapanda kutero, chisoni chija chimakapeza khomo lina, ndipo madotolo amadziwa kuti ena amagwera mu mowa, umenenso pambuyo pa opaleshoni umalowa m'magazi mofulumira kwambiri. Achemwali anapeza yankho lawo m'kwaya ya kumpingo ndi m'kuyenda, komanso m'kuphunzira kuuza abale kuti mwezi uno ndalama palibe.

Kutatsala masabata 2 kuti opaleshoni ichitike kunabwera chakudya chochepetsa chiwindi. Chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu, ndipo mwa munthu wonenepa chimakhala chachikulu, chodzaza mafuta ndi shuga wosungidwa. Dotolo amayenera kuchinyamula kuti aone pamene akudula, ndipo chikakhala cholemera chimatha kung'ambika, nthawi zina mpaka opaleshoni kuimitsidwa. Choncho wodwala amadya zochepa zedi, makalori 800 kapena 1,000 patsiku, popanda nsima, mpunga, buledi kapena shuga. Zipatala zina zimangopereka mkaka, yogati ndi msuzi. Masiku oyamba mutu umawawa ndipo munthu amakwiya ndi chilichonse. Apa ndi pamene ndinaona kuti nkhaniyi si ya munthu mmodzi. Simungauze mayi kuti amwe msuzi wopanda kanthu kwinaku akukazingira ana tchipisi. Ine ndinatenga khitchini, alamu anga anavomera kuti Fanta ndi mabisiketi zisalowenso m'nyumba, ndipo ana anauzidwa mwachindunji chimene amayi awo akukonzekera. Amene amasuta amauzidwa kusiyiratu fodya masabata osachepera 6 opaleshoni isanachitike, chifukwa fodya amachedwetsa mabala kupola. Kuyenda nako kumayamba nthawi imeneyi, kuti mapapo ndi mtima zikapirire mankhwala ogonetsa.

Za tsiku lenilenilo ndilibe zambiri. Amaboola timabowo tingapo pamimba, kulowetsa kamera ndi zida, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri zimakhala zatha. Ngozi yake masiku ano ndi yofanana ndi ya opaleshoni yochotsa ndulu. Madzulo omwewo anamwino anawadzutsa kuti ayende m'khonde, poopa magazi kuundana m'miyendo, ndipo anatuluka ndi majakisoni odzibaya pamimba pa chifukwa chomwecho. Chimene gadiyani ayenera kuloweza pamtima ndi zizindikiro za ngozi: mtima kugunda mothamanga osaleka, kutentha thupi, kupuma movutikira, ululu wa m'mimba womka nukula, kusanza kosalekeza. Zimenezi zingatanthauze kuti pamene anasoka pakudontha, kapena magazi oundana afika m'mapapo. Sizodikira kuti kuche, ndipo sizopempherera kunyumba kokha.

Ndiye kunabwera kuphunzira kudya. Masabata oyamba ndi zamadzi zokhazokha, kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Kenako zoperapera zosalala ngati za mwana, kenako zofewa, ndipo chakudya cha masiku onse chimabwerera pakatha masabata 6 mpaka 8. Madzi ayenera kukwana lita imodzi ndi theka patsiku, koma samwedwa pamodzi ndi chakudya: munthu amasiya mphindi 30 asanadye ndi 30 atadya, chifukwa kachifu kaja sikangalandire zonse ziwiri. Kuthamanga kudya, kapena kumeza chosatafunika bwino, malipiro ake ndi ululu pachifuwa ndi kusanza. Ndinaona achemwali, mayi amene ankatha kudya ali chiimire akuthamangira basi, atakhala ndi kasupuni kakang'ono ndi dzira limodzi lophwanya kwa mphindi 20.

Chovuta kwambiri kwa ife ndi dongosolo la mbale. Tinaleredwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongoperekezera. Mwana wotapa ndiwo zambiri ankadzudzulidwa, ndipo munthu amene wadya mpunga kapena mbatata amanena kuti lero sanadye. Pambuyo pa opaleshoni zinthu zimatembenuka. Thupi limafuna magalamu 60 mpaka 80 a zakudya zomanga thupi patsiku, pamene malo m'mimba ndi ochepa kwambiri, choncho ndiwo ndi zimene zimayamba: nsomba, mazira, nkhuku yofewa, nyemba, mkaka, kenako masamba, ndipo nsima imabwera pomaliza ngati malo atsala. Kawirikawiri satsala. Nsima ndi buledi wofewa zimakhala mtanda m'kachifu katsopanoko n'kutseka malo a chakudya chimene thupi likufunadi. Achemwali analira tsiku limene anazindikira kuti mwina sadzamalizanso chipande chathunthu cha nsima, ndipo ine sindinawatonthoze ndi mawu akuti ndi nsima chabe, chifukwa si nsima chabe. Chimene chinatithandiza n'chakuti zambiri zofunika zinali kale m'kaphikidwe kathu. Usipa wosinja m'msuzi, nyemba zophika mpaka kuphwanyika, masamba otendera, mkaka wowawasa umene kwathu timati chambiko: katswiri wa kadyedwe titamufotokozera zimenezi anatiuza kuti tipitirize. Sitinafunike kusanduka azungu kuti achemwali achire. Zimene anasiya ndi zakumwa za gasi, zimene zimatupitsa mimba, ndi zotsekemera kwambiri, zimene zimathamangira m'matumbo n'kubweretsa thukuta, chizungulire, mtima kugunda ndi kutsegula m'mimba. Madotolo amati dumping syndrome. Imavutitsa kwambiri a bypass, koma a sleeve ena imawapezanso.

Tsopano ndinene za alendo, ndipo ndikunena mwachikondi chifukwa ndi anthu athu. Amayi a kumpingo anabwera kudzazonda monga mwambo ulili, atanyamula mandasi, mpunga wa nkhuku ndi mabotolo a zakumwa. Kwathu kukana chakudya cha wokuzonda ndi mwano, ndipo wodwala amene akudya ndi amene timati akuchira. "Idyaniko pang'ono chabe, amayi, mwatha thupi." Mawu amenewa anabwera kwa munthu amene mabala ake a m'kati anali asanapole. Ine ndinkaima pakhomo n'kulandira mbalezo, kuthokoza, n'kufotokoza kuti adya ndi ana. Ena anamvetsa, ena anakhumudwa. Amene anamvetsa anayamba kubwera ndi nsomba yowiritsa, kapena kubwera chimanjamanja kudzawatenga kuti akayende nawo kupaki, ndipo amenewa anachita ntchito yaikulu kuposa mmene akudziwira.

Amayi athu kumudzi tinawauza opaleshoni isanachitike, ndipo zinathandiza. Ngakhale anali atauzidwa, tsiku limene anaona nkhope ya mwana wawo pa foni masaya atalowa, anakhala chete, kenako anati, "Mwana wanga, ukudwala chiyani? Usandibisire." Mayi amene anaika m'manda ana a abale ake m'zaka za Edzi zija sangaone mwana wake akuonda n'kusangalala. Achemwali anawaonetsa pepala la zotsatira za shuga, anawauza kuti mapiritsi ena dotolo wawasiyitsa, n'kuwaonetsa akukwera masitepe osapumira. Akanakhala kuti sanauzidwe kalikonse, mphekesera zikanafika kumudzi ife tisanalankhule. Ndikudziwa amayi ena amene anabisa opaleshoni yawo poopa kunenedwa, ndipo ananenedwabe, zoipa kuposa zimene ankaopa.

Kuchira kuli ndi zake zimene ogulitsa opaleshonizi pa intaneti satchula. Pakatha miyezi 3 kapena 4 tsitsi limayamba kuthothoka. Limameranso, koma kwa mayi ndi nthawi yowawa. Kuonda mofulumira kumabweretsa timiyala m'ndulu. Khungu limalendewera m'mikono ndi pamimba, ndipo masewera salibweza lonse. Mayi wa msinkhu wobereka amauzidwa kuti asatenge pathupi kwa miyezi 12 mpaka 18, pamenenso kuondako kumachititsa kuti atenge pathupi mosavuta kuposa kale, choncho za kulera ziyenera kukambidwa msanga. Mankhwala opha ululu monga Brufen ndi diclofenac, amene ife timangogula mutu ukawawa, amatha kuyambitsa zilonda m'chifu chochitidwa opaleshoni. Ndipo mavitamini ndi a moyo wonse: piritsi la mavitamini osiyanasiyana tsiku lililonse, ayironi, kashiamu ndi vitamini D, ndipo kuno ambiri amabayidwa jakisoni wa vitamini B12 miyezi 3 iliyonse, n'kumayezetsa magazi chaka ndi chaka. Wosiya zimenezi sadwala lero kapena mawa. Amadzadwala patapita zaka: magazi kuchepa, mafupa kufooka, dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Wosanza kwa masabata angapo amatha kusowa vitamini B1, ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo ngati sikunathandizidwe msanga.

Pa za masewera olimbitsa thupi, chiyambi chinali kuyenda basi: kuzungulira m'nyumba, kenako mpaka pa sitolo, kenako kupaki. Kunyamula zolemera kumaletsedwa kwa masabata 6 kapena kuyandikira apo, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi kudzutsa okalamba izi zinatanthauza kukambirana ndi akuntchito nthawi ikadalipo, ndi kusunga ndalama za masiku osagwira ntchitowo. Chimene ambiri saganiza n'chakuti thupi likamatsika silitaya mafuta okha, limatayanso minofu, ndipo wotaya minofu amakhala wowonda koma wofooka, thupi lake n'kumatentha chakudya chochepa kuposa kale. Choncho mabala atapola, katswiri anawaonjezera masewera okoka ndi kukankha, kawiri pa sabata, pamwamba pa mphindi 150 za kuyenda mwachangu zimene bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu aliyense. Achemwali sanakonde jimu. Anakonda kuyenda ndi anzawo Loweruka m'mawa ngakhale kukuzizira, ndi kuvina pa zikondwerero za Amalawi, kumene kale ankangokhala pampando akuwomba m'manja. Masewera amene munthu adzachitebe pakatha zaka 5 ndi amene amawakonda, osati amene anaona pa YouTube.

Ambiri amataya pakati pa magawo 25 ndi 30 mwa 100 a kulemera kwawo m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Pambuyo pake njala imabwerera pang'ono, kachifu kamalandira zochulukirapo, ndipo thupi limatha kukweranso. Kukwera pang'ono n'kwachibadwa, si kulephera. Choopsa ndi kudya kwa katolatola, kabisiketi apa, katiyi ka shuga apo, chifukwa zimenezi zimadutsa bwinobwino ngakhale m'chifu chaching'ono. Masiku ano kwabweranso majakisoni monga semaglutide ndi tirzepatide, amene akuthandiza anthu ambiri kuonda popanda mpeni, ndipo ndi bwino kuwafunsa kwa dotolo. Koma ndi okwera mtengo, ndipo ambiri akawasiya thupi limabwerera. Achemwali lero shuga wawo ali m'malo mwake, makina a CPAP anawabweza, ndipo mawondo sawadzutsanso usiku. Amamwabe mavitamini awo, ndipo masiku ena amasowabe nsima.

Nkhaniyi isaoneke ngati ya kunja kokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lathu la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa kupitirira muyezo, pamene mu 1992 anali pafupifupi 10, ndipo vutoli ndi lalikulu m'matauni. Amene ali ndi ndalama ayamba kale kuyang'ana ku South Africa, ku India ndi ku Turkey, kumene mtengo umaphatikiza hotela ndi galimoto yokutengani ku bwalo la ndege. Madotolo aluso aliko kumeneko, sindikukana. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi munthu amene amadulidwa chifu sabata ino, sabata yamawa ali m'ndege, n'kukafikira m'nyumba imene palibe anauzidwa zophika, m'tauni imene palibe akudziwa zimene zinachitika m'mimba mwake. Kuno ku Britain zipatala zakhala zikulandira anthu obwera kuchokera ku maulendo otere ali kayakaya, ndipo ena anamwalira.

Inu amene mukulingalira za opaleshoniyi, kaya muli ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Leeds, musayambe ndi kufunsa mtengo. Pezani kaye dotolo wa kumene mukukhala amene wavomera kudzakuonani mukabwera ndi kukuyezani magazi chaka chilichonse. Onetsetsani kuti mavitamini ndi jakisoni wa B12 mudzazipeza ndipo mudzazikwanitsa kwa zaka zonse zikubwerazi. Uzani akunyumba kwanu zoona, ndipo m'bale amene adzakuphikireni mupite naye kwa katswiri wa kadyedwe kuti akamve yekha. Zimenezi zikalephereka, opaleshoniyo iyambe yadikira.